Chigamba Chotsiliza cha a Eustace Nyendwa

Malemu bambo Eustace Nyendwa anabadwa pa 14 Okutobala 1984 kuno kwathu ku Kaumbwe, m'boma la Petauke. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu a malemu bambo Teddy Nyendwa ndi amai Rachael Daka, amene akhala apo pa mphasa. Ine amene ndili kuwelenga ndine Lazarous Nyendwa, mkulu wao. Abusa, akuluakulu a mudzi, amalume athu a Josiah Daka, achibale ndi inu nonse amene mwabwela kudzakhuza malilo ano, banja linasankha ine kuti ndiime pano. Mundipilile. Sukulu yanga ndinaitsiliza usiku ndili kale ndi ndevu, ndipo zina zimene ndinene ndazimvetsa sabata yomwe ino.

Mu 1991 malemu anayamba giledi 1 pa sukulu ya kuno. Anali mwana wosapupuluma. Aphunzitsi akapeleka samu, anzao anali kuthamangila kutsogolo kukaonetsa, iwo anali kutsala pa benchi kuibweleza kuchokela pansi. Kumunda chimodzimodzi. Ife tikamabzala, iwo anali kubwelela m'mbuyo kufunafuna mapando amene tadumpha, mpaka atate anawapatsa dzina lakuti kapitao wopanda khasu.

Mu 1998 anasankhidwa kupita ku sekondale ku Petauke. Chaka chotsatila atate anatisiya. Pamenepo amalume a Josiah anachoka kwao ku Ndake, anasiya thonje lao m'manja mwa ana, n'kubwela kudzalima munda wa mlongo wao nyengo ziwili, kuti mmodzi wa ife asasiye sukulu. Ndanena zimenezi dala, kuti zimene ndipemphe kutsogoloku zisamveke ngati mau a munthu woiwala.

Malemu anatsiliza giledi 12 mu 2002. Mu 2004 analowa koleji ya aphunzitsi ku Chipata, ndipo mu 2007 boma linawatumiza ku Kacholola, m'boma la Nyimba, kukaphunzitsa samu.

Kumeneko n'kumene anakumana ndi amai Jennipher Mvula, amene makolo ao anachokela ku Katete. Amai Jennipher anali kugwila nchito pa kashopu kotayipa makalata m'mbali mwa mseu waukulu. Malemu anali kupita kumeneko kukatayipitsa mayeso a ana, ndipo anali kubweza pepala lonse chifukwa cha kadontho kamodzi kosowa. Alamu anga amanena okha kuti anawalola chifukwa anatopa kukangana nao pamaso pa makasitomala, anati bola mkanganowo uzichitikila kunyumba. Anamanga ukwati woyela pa 20 Ogasiti 2011, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 2015 malemu anasamutsidwa kubwela ku Petauke kudzaphunzitsa za kompyuta. Apa ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa ambili a ife tinali kungoona munthu wakhala pa mpando, maso pa laputopu, osadziwa chimene achita. Amai athu anali kunena kuti Eustace agwila ganyu kwa anthu osaoneka, ganyu yake yopanda malipilo. Pa za malipilo amai sanalakwe.

Anthu olemba mapulogalamu a kompyuta ali ndi chida, nachonso ndi pulogalamu, chimene chimasunga mbili ya zonse zimene asintha. Uyu anachotsa mzele uwu tsiku lakuti, uyu anaonjeza uwu, chifukwa chake ndi ichi. Zinthu zikaonongeka, amabwelela m'mbuyo n'kupeza pamene panalakwika. Chida chimene malemu anakonda chilibe mwini ndipo sichigulitsidwa. Chimakonzedwa ndi anthu odzipeleka a m'maiko osiyanasiyana, ambili a iwo sanaonanepo nkhope. Munthu akaona pamene pang'ambika, amalemba chokonza chake, chimene iwo amachitcha chigamba, n'kutumiza.

Anthu amenewa ali ndi malamulo awili amene sasewela nao. Loyamba, chigamba sichilowa kufikila munthu wina amene sanachilembe achiunike mzele ndi mzele. Lachiwili, aliyense amaika dzina lake pa chimene walemba yekha, n'kutsimikiza ndi chidindo chobisika chimene chimakhala mu kompyuta yake. Alibe ofesi, alibe apolisi. Chimene amadalila ndi dzina la munthu basi.

Chimene chinawalowetsa malemu mu nchito iyi ndi netiweki yathu ya kuno, imene muidziwa nonse. Mwana wa sukulu akayamba kukopa nchito yaikulu ndi chida chija, netiweki ikaduka pakati, chida chinali kuyambilanso pachiyambi. Bandulo yonse ya intaneti yapita, m'manja mulibe kanthu. Anthu a kunja sanali kulidziwa bwino vuto limeneli, chifukwa kwao siziduka chomwechi. Mu 2017 malemu anatumiza chigamba chao choyamba. Chinabwezedwa. Anakonza, chinabwezedwanso. Ndikumbuka anabwela kuno nkhope ili gwaa, n'kundiuza kuti, akulu anga, anthu aja andichonga ngati mwana wa giledi 3. Kenaka anaseka n'kunena kuti choipa n'chakuti achonga bwino. Chigamba chimenecho chinalandilidwa mu 2018.

Mu 2021 anawaika pa gulu la ounika zigamba za ena. Sanali kulekelela cholakwa, koma sanali kunyoza munthu. Ndemanga iliyonse anali kuyamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kenaka n'kulowa mu nkhani. Ndamva kuti poyamba anzao a kunja anali kudabwa nazo, pambuyo pake ena anayamba kutengela. Mu 2022 anayamba nchito imene anali kuitcha yaikulu, yakuti chida chija chikadukilidwa chizipitiliza pomwe chinalekela. Sinali ya chigamba chimodzi. Zinali zigamba zambili zogwilana, china pamwamba pa chinzake.

Matenda a shuga anawapeza nao mu 2019, ndipo anali kumwa mankhwala mokhulupilika. Chakumapeto kwa 2023 maso anayamba kuchita nkhungu. Pofika mu Epulo 2024 sanali kutha kuwelenga ngakhale zilembo zazikulu, ndipo anasiya kuphunzitsa. Pa nthawi imeneyo amai Jennipher, amake Tisunge, anakhala maso ao ndi manja ao. Anali kuwawelengela zigamba za anthu mokweza, malemu ananena ndemanga, iwo n'kutayipa. Malemu ananena mzele wa pulogalamu, iwo n'kutayipa. Pang'ono ndi pang'ono alamu anga anayamba kuona okha pamene palakwika asanauzidwe. Kenaka panali zigawo zimene malemu anali kungonena cholinga chake, alamu n'kulemba okha, n'kuwawelengela kuti avomeleze. Tsiku limene anasiya kungotayipa n'kuyamba kulemba okha sindilidziwa, ndipo eni ake akuti nao salidziwa. Koma zonse zinali kupita m'dzina la Eustace Nyendwa, ndi chidindo cha Eustace Nyendwa.

Ndinawafunsa alamu anga chifukwa chake. Anandiyankha kuti, alamu, ndikanaika dzina langa, ndiye kuti ndalengeza kuti amuna anga atha, akali kupuma. Azimai amene muli pano, yankho limeneli mulimva bwino kuposa ine. Kwathu kuno mkazi akalima munda wa mwamuna wodwala, chimanga chimatchedwabe cha mwamuna, ndipo timati ndiwo ulemu. Malemu nao lamulo anali kulidziwa kuposa ife tonse. Anali kunena kuti adzawauza anzao aja maso akangobwelela pang'ono. Ndiganiza anali kuopa kuti akanena, adzawachotsa pa kuunika, chinthu chokhacho chimene matenda anali asanawalande. Maso sanabwelele. Sindinaime pano kuti ndiweluze munthu ali m'bokosi, kapenanso mkazi amene anamusambitsa ndi kumudyetsa. Ndili kungonena zimene zinachitika.

Mu Meyi chaka chino cha 2025 miyendo inayamba kutupa, ndipo madokotala anati impso zafooka. Anagonekedwa m'chipatala ku Petauke pa 19 Meyi, kenaka pa 26 anatumizidwa ku Chipata. Nchito yaikulu ija inali itatsala chigamba chimodzi. Munthu akalowa kudzawaona, asanayankhe moni anali kufunsa ngati chotsiliza chapita. Kuyambila Lachisanu pa 30 Meyi sanalankhulenso. Lolemba pa 2 Juni masana, amake Tisunge anakhala pa benchi kunja kwa wodi, laputopu pa maondo, anatsiliza chigamba chija okha, anachitumiza m'dzina la amuna ao, n'kulowa kukawanong'oneza m'khutu kuti chapita. Kaya anamva, Mulungu ndiye adziwa. Lachiwili pa 3 Juni m'mawa, a Eustace Nyendwa anatisiya, ali ndi zaka makumi anai.

Mbili ya munthu imayenela kuthela pamenepa. Ya mng'ono wanga yakana kuthela pamenepa, ndipo n'chifukwa chake ndipempha mundimvele pang'ono.

Mnzao wa malemu pa uphunzitsi, amai Maureen Sakala, analembela gulu lija kuwadziwitsa za malilo. Analemba ndi mtima wabwino, ndipo analemba zoona zokhazokha. Anati onani kulimba kwa munthu uyu, anakhala chaka chathunthu osaona, ndipo masiku otsiliza anali chikomokele. Anthu aja anamva chisoni. Koma atayang'ana mu mbili ya chida chao, anaona chigamba cha pa 2 Juni, chokhala ndi dzina ndi chidindo cha munthu amene anali chikomokele. Anafunsa funso limene aliyense wa ife akanafunsa, kuti nanga anatumiza ndani, ndipo chaka chonsechi anali kulemba ndani.

Lachinai uthenga unafika pa foni ya amai Maureen kuchokela kwa amai Yvonne, mmodzi wa akuluakulu oyang'anila chida chija, amene akhala kutsidya kwa nyanja. Anayamba ndi kupepesa malilo. Kenaka anafotokoza kuti kuli anthu oipa amene amaba chidindo cha munthu wodalilika kuti alowetse zoononga m'mapulogalamu amene anthu ambili amagwilitsa nchito, ndipo iwo alibe njila yodziwila kuti kuno sizinachitike zotele. Choncho aimitsa zonse zimene zinabwela m'dzina la malemu kuyambila Epulo 2024, zimene analemba ndi zimene anavomeleza. Apempha chinthu chimodzi. Munthu amene anali kutayipa aonekele m'dzina lake, pa kompyuta yomweyo imene muli chidindo ndi mbili ya mmene nchito inayendela, ayankhe mafunso mzele ndi mzele, ndipo pa chigamba chilichonse palembedwe zoona, ichi ananena Eustace, ichi analemba wotayipayo yekha.

Amai Yvonne anati chitseko cha mwai umenewu chitsekedwa pa 30 mwezi uno, pamene atulutsa chida chatsopano. Ndinapempha amai Maureen afunse ngati sangadikile. Anayankha mwaulemu kuti ena amanga kale nchito yao pamwamba pa nchito ya malemu, ndipo sangasiye nyumba pa maziko okaikitsa. Tsiku limenelo likadutsa popanda woyankha, adzazula zonse, wina adzalemba zake m'njila ina, ndipo pa dzina la Eustace Nyendwa padzatsala mau akuti zimene zinabwela m'dzina ili sizinadziwike mwini wake. Mbili ya chida chija sifufutika. Ndiyo nchito yake. Adzukulu a malemu adzawelenga mau amenewo.

Ndaganiza kwambili, ndipo anthu aja sindiwapeza cholakwa. Asunga lamulo lao, limene malemu anali kusungitsa ena.

Tsopano laputopu ija ili kuti? Ili m'nyumba umo, mu thilanki. Lachitatu, thupi litafika, amalume anachita zimene mwambo wa banja lathu umafuna. Anasonkhanitsa zovala za malemu, nsapato, magalasi, ndodo, pamodzi ndi laputopu, anatseka ndi loko. Thilanki imeneyo siitsegulidwa kufikila Sepitembala, thonje litagulitsidwa, pamene abale adzakumananso kugawa katundu ndi kumasula namfedwa. Kufikila tsiku limenelo mkazi sakhudza chinthu cha mwamuna wake. Zinatelo pa atate mu 1999, ndipo amai athu anadikila osadandaula.

Mailo tinakhala pansi monga banja, ndipo ndinaifotokoza nkhaniyi monga ndaifotokozela pano. Amalume anati mwambo sudumphidwa chifukwa cha anthu amene sitidziwa ngakhale mudzi wao. Anati mlongo wanga anadikila, uyunso adikile. Anatinso lelo mukatsegula chifukwa cha kompyuta, pa malilo ena wina adzatsegula chifukwa cha njinga, ndipo amasiye adzayamba kulandidwa katundu manda asanaume. Amalume nao sindiwapeza cholakwa. Loko imeneyo inateteza amai athu pamene ena anafuna kuwalanda ng'ombe. Ndinaona ndi maso anga.

Ndiye ine ndili pakati, ndipo ndilibe nzelu. Ena anandiuza kuti boma lili ndi malamulo a za katundu wa amasiye, ndipite ku khoti. Munthu amene analima munda wa amai sindingamutengele ku khoti. Ena anati nditenge nyundo anthu akabalalika. Sindinathyolepo loko chibadwile, ndipo sindiyambila pa malilo a mng'ono wanga.

Palinso zimene zafika m'makutu anga pa malilo pano, kuseli kwa nkhokwe ndi ku moto wa azibambo. Ena akuti mkaziyu anali kudya za azungu m'dzina la munthu wodwala. Ena akuti wakufa anali kulemba makalata, ndiye pali zina zake. Sinditchula maina. Ndingoti palibe ngwee imene inalowa m'nyumba imeneyo kuchokela ku nchito ija, ndipo zala zimene zinatayipa ndi zomwezo zimene zinali kuwapukuta malemu pakamwa. Koma ndidziwa kuti mau anga sakwanila. Nchito ija ikazulidwa, anthu adzati mwaona, ngakhale akunja anamugwila. Amake Tisunge adzanyamula zimenezo moyo wao wonse, m'mudzi uno ndi ku Kacholola komwe.

Mailo ndinapempha amalume njila ina, ndipo ndiibweleza pamaso pa mpingo ndi pamaso pa mudzi. Namfedwa asakhudze kanthu. Thilanki ndidzatsegula ndine, amalume ali pomwepo. Ndidzachotsa laputopu yokha, zina zonse zitsale mpaka Sepitembala. Ndidzainyamula ndine, ndidzaiyatsa ndine. Alamu anga adzakhala poteloko, manja pa miyendo, azidzanena, ine ndizidzatayipa. Ndimatayipa ndi zala ziwili, ndipo Chizungu changa ndi cha sukulu ya usiku, koma amai Maureen alonjeza kukhala pambali panga kundionetsa mabatani. Ndipo tidzawauza anthu aja poyela, pa mzele woyamba, kuti wolankhula ndi Jennipher Mvula Nyendwa, wotayipa ndi mlamu wake Lazarous, ndi chifukwa chake. Kaya adzakhutila, sindidziwa. Mwina adzafunsa funso limene alamu anga adzalephela. Koma alephele atayesa. Ngati pa kutsegulako pali tsoka kapena mlandu, zikhale pa mutu panga ndi pa nyumba yanga, osati pa mkaziyu kapena ana ake.

Amalume anandiyankha kuti ndamva. Ife amene tinakulila m'manja mwao timadziwa kuti ndamva ya amalume ingakhale inde, ingakhalenso iai, ndipo nthawi zina imatenga chaka kuti munthu adziwe.

Malemu asiya akazi ao, amai Jennipher Mvula Nyendwa, ndi ana atatu: Tisunge amene ali giledi 7, Ivan, ndi Abby wamng'ono. Asiya amai ao owabala, amai Rachael Daka. Asiya ine mkulu wao, alongo ao amai Virginia ndi amai Immaculate, ndi mng'ono wao Kelly. Asiya amalume ao a Josiah Daka a ku Ndake, apongozi ao a ku Kacholola, ndi ana a sukulu amene sindingathe kuwawelenga.

Banja lithokoza abusa ndi azimai a chigwilizano amene aimba kuyambila Lachitatu mpaka mau kutha. Tithokoza adzukulu amene akumba nyumba ya malemu pa nthaka youma ya mwezi uno. Tithokoza anzathu a chimbuya, chibale chathu cha nthabwala, amene atipaka ufa ndi kutinyoza kuti tisamile m'misozi. Nyozani ndithu, tidzabweza kwanu. Tithokoza anamwino ndi madokotala a ku Petauke ndi a ku Chipata, aphunzitsi anzao a malemu amene anapeleka galimoto, ndi onse amene mwabwela ndi ufa, nkhuni kapena manja okha. Amai Maureen, kuyambila Lachinai muli kulila kuti mwaononga zinthu. Simunaononge kanthu. Munanena zoona za mnzanu. Tithokozanso amai Yvonne ndi anzao, amene sitinawaonepo, chifukwa sanatseke chitseko tsiku lomwelo.

Amalume, ndalankhula pagulu zimene mwana sayenela kulankhula pagulu. Mundikhululukile, ndipo ngati pafunika mbuzi ndidzapeleka. Kiyi ya thilanki ili m'thumba la jekete lanu. Tikachoka kumanda ndidzabwela kudzagwada pamene mudzakhala. Mukakwela basi osandiyankha, ndidzakwela yomweyo mpaka ku Ndake, ndipo ndidzakhala pa khonde panu. Sindidzakuvutitsani ndi mau, ndawamaliza onse pano.

A Eustace, mng'ono wanga, ulendo wanu mwautsiliza, ndipo zowawa za thupi mwazisiya. Mzimu wanu uuse mu mtendele wosatha. Ndipo Mulungu atichitile chifundo ife otsala, mwezi uno usanathe.